Kulira Kuwiri kwa Dafuleni

Mwambi umene wautchula mnzanuyu unabadwira pano pomwe pa Namilepe, ndipo unayamba motere. Sendezani benchiyo kuno, mvula yayamba kulowa pakhondepa, ndipo musayambe kuseka ndisanafike poseketsa. Aphunzitsi anu adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wa makolo akalekale. Asiyeni, iwo anauwerenga m'buku. Ine ndinaliko, ndipo matope ake ndinachapa ndekha pa suti yobwereka.

Masiku amenewo msewu uwu unalibe phula, linali dothi lofiira lokhalokha kuyambira pamsika mpaka kwa Khavala. Tinkayenda pa minibasi, anayi anayi pampando, nkhuku pamiyendo, kondakitala atatulutsa mutu pawindo akuitanirabe ngakhale malo atatha. Munkafika msana utauma, koma nkhani za boma lonse mutazimva, wina atakugawiraninso chinangwa. Magalimoto anu a lerowa, oyenda okha, aliyense ali duu ngati pamzere wa kuchipatala, ndimakwera ndithu, koma mtima wanga unatsalira m'minibasi muja.

Galimoto yoyamba yopanda dalaivala inabwera ndi bungwe lathu la alimi a tiyi. Inkanyamula masamba kupita nawo ku fakitale, ndipo kutsogolo inali ndi mipando ingapo ya anthu. Chiwongolero munalibe. Padenga pake panali kanthu konga chitini cha mkaka, kozungulira osapuma, ndipo ilo ndilo linali diso lake. Ikaona chinthu panjira inkaima n'kulankhula ndi mawu a mzimayi waulemu kuti, "Pepani, kutsogolo kuli chotchinga." Mbuzi ikadutsa, pepani. Mwana akathamangira mpira, pepani. Pasanapite nthawi Namilepe yense anali ataitcha dzina loti Pepani.

Tsono panafunika munthu woyenda nayo, wokweza matumba, wotsegula zitseko ndi kupukuta diso lija ndi kansalu kake kofewa. Ntchitoyi inagwera mnzanga wa paubwana, Dafuleni, amene tinkathyolera limodzi tiyi. Anali munthu wabwino mtima, woti chimanga chowotcha chikakhala chimodzi ankakuthyolera mbali yaikulu. Vuto lake linali loti makutu ake ankatseka nkhani ili pakati, pakamwa n'kutsegukira pomwepo. Atangolandira ntchito anagula chipewa ndi magalasi akuda, n'kuyamba kudzitcha dalaivala.

"Dalaivala wa chiyani, iwe, chiwongolero mulibe?" anthu ankamufunsa.

"Madalaivala akale ankayendetsa ndi manja," iye ankayankha. "Ife amakono timayendetsa ndi nzeru."

Amene anabwera kudzamuphunzitsa anali Mayi Chikafa, injiniya wochokera ku Blantyre. Ine ndinali pomwepo ndikukweza matumba, ndipo chiyambi cha phunzirolo ndinachimva.

"Diso ili silili ngati lanu, a Dafuleni," anatero mayiwo. "Limaponya kuwala kopyapyala kotchedwa leza, kosaoneka ndi maso, mbali zonse. Kuwalako kukagunda mtengo kapena munthu kumabwerera, ndipo galimoto imadziwa kuti chinthucho chili patali bwanji poona nthawi imene kwatenga. Munafuulapo kuphiri n'kumva mawu anu akubwerera?"

"Kambirimbiri, mayi."

"Ndi chimodzimodzi. Tsono disoli lili ndi adani ake. Woyamba ndi fumbi. Likachuluka m'mwamba, kuwala kumagunda fumbilo n'kubwerera msanga, galimoto n'kumayesa kuti pali khoma. Wachiwiri..."

Mdani wachiwiri Dafuleni sanamumve. Nthawi yomweyo Elube, mtsikana wa kwa Khavala amene mnzangayo ankamufunsira, anadutsa ndi dengu la tiyi kumsana, ndipo khosi la Dafuleni linamutsatira mpaka anakhota kuseri kwa sikelo yoyezera tiyi. Mayi Chikafa anatchula wachiwiri, anatchula wachitatu, iye akungogwedeza mutu kuti, "Inde mayi, zoona mayi." Nane ndinali nditapita kukasenza thumba lina. M'mutu mwa Dafuleni munatsala mawu awiri okha, fumbi ndi leza.

Inu ana a masiku ano mukamva leza mumaganiza za makina. Ife tinakula tikudziwa Leza wa kumwamba, mwini mphezi, mwini uta uja umaoneka mvula ikamakata. Choncho mayi aja atachoka, Dafuleni anandikokera pambali.

"Wamva, Jailosi? Diso limeneli ndi la Leza. Galimoto iyi ndi mvula ndi pachibale."

"Sanatero mayi aja."

"Sanafune kutchula zonse. Anthu ophunzira amatero, amakusiyira kuti umalize wekha."

Chinkhoswe cha Dafuleni ndi Elube chinachitika chilimwe chomwecho. Ankhoswe atasinthana tambala ndi msoti, zonse zitayenda bwino, pamene mkamwini amayenera kuzolika n'kukhala chete, mnzanga anaimirira n'kuyang'ana a Makwinja, malume ake a Elube.

"Amalume, tsiku la ukwati mwana wanuyu sadzaponda pansi. Ndidzabwera ndi Pepani mpaka pakhomo pano, adzakwera ngati mkazi wa bwana, kukatsikira pakhomo pa tchalitchi."

A Makwinja anali munthu wouma, wodana ndi anthu a pakamwa, ndipo mkamwini ameneyu anali atamulandira monyinyirika kuyambira pachiyambi.

"Mwamva nonse, ankhoswe," anatero. "Sindinamufunse, wanena yekha. Galimotoyo ikapanda kufika pakhomo pano, Elube satuluka m'nyumba, ndipo tambala wanuyu mudzabwere mudzatenge. Ine mwana wa mlongo wanga sindipereka kwa munthu wolonjeza mphepo."

Anthu anaseka, koma a Makwinja sanaseke nawo. Elube anangoyang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

Bungwe linavomera kubwereketsa Pepani pa Loweruka la ukwati. Koma chaka chimenecho mvula inachedwa. Okutobala anatha, Novembala analowa, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo. Fumbi la pamsewu linkafika m'akakolo, ndipo Pepani anasiya kupepesa mbuzi n'kuyamba kupepesa fumbi. Kamvuluvulu akadutsa, pepani. Lole ya njerwa ikadutsa, ankaima nji mpaka fumbi lonse litakhazikika, kenako ina n'kudutsanso.

Sabata ya ukwati tinapita kukayesa njira ya kwa Khavala masana. Tinaima pa mjigo, tinaima pa chigayo, tinaimanso poti panalibe chilichonse. Dafuleni anakwera padenga, anagwira diso lija ndi manja awiri n'kuliuzira, monga timachitira mwana akalowa chitsotso m'maso. Mpweya wa m'kamwa unachita nthunzi pagalasi.

"Pepani, kutsogolo kuli chotchinga."

"Ndakuuzira kale, ukufunanso chiyani?" anakalipa mnzanga. Anatsika nkhope itagwa, chifukwa Elube ankamukonda zenizeni, ndipo tsopano anaona kuti pakamwa pake pakhoza kumulanditsa mkazi.

"Tidzanyamuke m'mamawa, aise," ndinamuuza, "mame asanaume, fumbi lisanadzuke. Tikadikire pakhomo."

"M'mamawa adzationa ndani? Ine ndikufuna ndidzalowe kwa Khavala dzuwa litakwera, anthu ali mbali iyi ndi iyi, amayi akululutira."

"Nanga bwanji osawaimbira Mayi Chikafa?"

"Kuti andiuzenso zomwe anandiuza kale? Mdani ndi fumbi. Mankhwala a fumbi ndi mvula. Ndipo mvula ndi Leza sangadane, ndi a nyumba imodzi."

Tsono kumunsi kwa dambo kunkakhala a Muhiwa, oumba njerwa. Mvula ikachedwa, anthu ankanong'onezana kuti a Muhiwa ndiwo aimanga, kuti njerwa zawo ziume ndi uvuni upse. Iwo sankavomera, sankakananso, chifukwa mbiriyo inkawabweretsera nkhuku. Ine sindikunena kuti mkulu uja ankamanga mvula. Ndikunena kuti ankadziwa kuyang'ana kuphiri.

Lachinayi Dafuleni anandikokera kumeneko. Tinawapeza akuphwasula uvuni, njerwa zitapsa kale, nkhwangwa yawo itazikidwa pachitsa pakati pa bwalo.

"Agogo, ndabwera ndi dandaulo," anatero Dafuleni. "Imasuleni mvula."

"Mvula ndinaimanga ine? Wandiona ndili ndi chingwe?"

"Ndagwira mwendo wanu, agogo. Fumbi likundilanda mkazi."

A Muhiwa anamuyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato.

"Si iwe mkamwini wa kwa Khavala? Apongozi ako a Makwinja anali pano dzana ndi nkhuku yoyera, kuti mvula isagwe mpaka ukwati udutse. Iwo nkhuku kuti ndimange, iwe chimanjamanja kuti ndimasule. Banja lanu mumakambirana koma?"

Pamenepo Dafuleni anagwada. Analira, ana inu, kulira kwenikweni, misozi ndi mamina, chipewa chili m'manja, magalasi akuda atagwera m'fumbi. Anapempha mvula ngati mlimi amene chimanga chake chikufota. A Muhiwa anamusiya alire kaye, maso awo ali kuphiri kumene mitambo inali itayamba kuunjikana kuyambira m'mawa. Kenako anapita pachitsa paja, anazula nkhwangwa n'kuiponya pansi.

"Pita, ndamasula. Koma udziwe kuti mvula siyenda yokha, imabwera ndi ana ake."

"Abwere onse, agogo, tidzawalandira!"

Lachisanu masana kunagunda bingu, ndipo mvula inatsika ngati yakwiya. Fungo lija la dothi lolandira mvula yoyamba, mpaka lero ndikalimva ndimamuona mnzanga akuvina pakati pa msika, malaya atamatirira pathupi, akukuwa kuti, "Fumbi lafa! Fumbi lafa!" Sankadziwa kuti nthawi yomweyo kwa Khavala chisakasa cha ukwati chinali chitagwa, nkhuni zonse zitanyowa, a Makwinja akutukwana nkhuku yawo yoyera.

Loweruka kunacha bwino. Tinamukongoletsa Pepani ndi maluwa ndi timaliboni, tinavala masuti athu obwereka, ine monga besitimani, n'kunyamuka dzuwa litakwera. Galimoto inkathamanga ngati yamwa mankhwala, osapepesa ngakhale mbuzi. Chakuphiri kunaoneka uta wa Leza.

"Wamuona m'bale wake akutiperekeza?" anatero Dafuleni akundigunda ndi chigongono. Ndinatsala pang'ono kumukhulupirira.

Titangodutsa chigayo, kunadanso, ndipo mvula inabwerera. Pepani anayamba kuchepetsa liwiro. Mayi Chikafa anadzatifotokozera pambuyo pake kuti madontho amamwaza ndi kubweza kuwala kuja monga limachitira fumbi, choncho diso limangoona pafupi, ndipo galimoto imayenda mochenjera. Ameneyo ndiye anali mdani wachiwiri uja, amene anatchulidwa Elube akudutsa. Tinayenda mokwawa mpaka gogo wina, atafunda tsamba la nthochi kumutu, anatipitirira wapansi.

"Mwadzuka bwanji, a dalaivala?" anatero akusuzumira pawindo. "Ndikawauze kuti mukubwera?"

Dafuleni anagogoda padenga n'kunong'oneza kuti, "Ndi m'bale wako uyu, ukumuopa chiyani?"

Tinafika padambo, pamene msewu umatsika usanakwere kwa Khavala. Mudzi tinkauona tsidya lija, ndipo nyimbo za amayi zinkamveka. Koma madzi anali atadzadza pamsewu, ndipo madzi otero amataya kuwala kumbali ngati kalilole, osakubweza. Kwa Pepani zinali ngati msewu wathera pomwepo. Anaima.

Dafuleni anatsika ndi nsapato zake zaukwati, analowa m'madzimo n'kuima patsogolo pa galimoto.

"Taona! Ndi m'akakolo mokha! Bwera!"

"Pepani, kutsogolo kuli chotchinga."

"Chotchingacho ndiwe, aise," ndinamukuwira. "Choka pamenepo!"

Asanachoke, thilakita ya matabwa inatulukira kumbuyo kwathu, yosadziwa za ukwati wa munthu, n'kudutsa m'chithaphwi muja osachepetsa liwiro. Matope anauluka. Anagwera pa suti, anagwera pa maluwa, ndipo chibuma chachikulu chinakamata diso lenileni lija.

Mnzanga anakwera padenga n'kusolola kansalu kofewa kaja. Tsoka ilo, m'mawa anali atakaika m'thumba la jekete ngati chokongoletsa, ndipo panjira anali atapukutira nsapato. Anapukuta diso, matope anafalikira. Anapukuta ndi tayi, anapukuta ndi mkono wa jekete, analavulira malovu n'kupukutanso, mpaka diso lonse linangokhala ngati khoma lozira. Pamenepo Pepani analankhula mawu amene tinali tisanawamvepo.

"Pepani, sindikuona chilichonse. Ndaima."

Mdani wachitatu anali ameneyo. Dafuleni anatsika n'kupita kumbuyo kuti akankhe, koma galimoto imene yatsimikiza kuima sikankhika. Mapazi anaterereka, ndipo anagwa chafufumimba. Atadzuka anangokhala pansi m'matope momwemo, maso okha akuyera, n'kuyamba kulira kachiwiri.

"Mvula ndinaipempha ndine, Jailosi, sindikukana. Koma matopewa anawaitana ndani?"

"Ndi ana ake aja, aise. Unati abwere onse."

Gogo wa tsamba la nthochi uja uthenga anakaupereka ndithu. Posakhalitsa mudzi wonse unatsikira kudambo, a Makwinja ali patsogolo ndi ambulera. Anaima pamtunda pouma n'kuyang'ana galimoto, kenako mkamwini.

"Galimoto ija ndi imeneyi?"

"Ndi yomweyi, amalume."

"Pano ndi pakhomo panga?"

Dafuleni anangozolika.

"Ndamvanso kuti mvula imene yagwetsa chisakasa changa munakailirira ndinu kwa a Muhiwa. Nkhuku yanga yoyera yapita pachabe. Ankhoswe, kawagwirireni tambala wawo, azipita."

Mtima wanga unasweka, ana inu. Munthu uja anali wopusa, inde, koma ndinkadziwa kuti akabwerera ndi tambala ameneyo sadzakhalanso Dafuleni wathu wovina pamsika. Mvula inkangogunda pa maambulera.

Kenako gulu linapatuka, ndipo panatulukira Elube. Diresi loyera anali atalikwinya mpaka m'maondo n'kulimanga ndi chitenje, nsapato zili m'manja, mapazi ali m'matope.

"Iwe!" anakalipa a Makwinja. "Ndinati usatuluke m'nyumba!"

Elube anapinda maondo mwaulemu n'kuyankha.

"Ndinamva, amalume. Koma taonani nokha. Mwamuna wangayu walira mvula, walira matope. Mukufuna alirenso mkazi?"

Azakhali ena kumbuyo anaimba nthungululu, wina anaphulika kuseka, ndipo phwete linagwira dambo lonse. Elube analowa m'chithaphwi muja, anawerama n'kupukuta maso a Dafuleni ndi nsonga ya chitenje. Diso la galimoto sanaliyang'ane n'komwe.

"Dzukani, tiyeni," anatero. "Miyendo ndili nayo. Ine sindinafunsiridwe ndi galimoto."

Tinayenda wapansi mpaka kutchalitchi, amayi akuimba kumbuyo kwathu, a Makwinja akubwera patali ngati sali nawo. Abusa atationa pakhomo anafunsa kuti mkwati ndi uti, chifukwa tonse awiri tinkaoneka ngati njerwa zosawotcha.

Nanga Pepani? Tinamuiwala kudambo. Mvula yomwe ija inamutsuka diso pang'onopang'ono, kenako inakata, madzi a pamsewu anaphwa. Chakumadzulo, phwando lili mkati kwa Khavala, tinangoona galimoto ikukwera mtunda yokha, maluwa ali lende, ikumaliza ulendo umene tinaiuza m'mawa. Inalowa pabwalo, inafika pamene a Makwinja anakhala pampando wawo, n'kuima.

"Pepani, kutsogolo kuli chotchinga."

Aka kanali koyamba kuwaona a Makwinja akuseka mpaka kupukuta misozi. Tambala uja anamupha tsiku lotsatira, ndipo ntchafu anampatsa mkamwini.

Awiri aja anakhala limodzi mpaka imvi. Chaka chilichonse, mvula yoyamba ikamagunda, Elube ankatulutsa mutu pakhomo n'kunena kuti, "Bambo a kuno, lero tilira chiyani?" Dafuleni ankaseka, ndipo mpaka ukalamba ankaumirirabe kuti Mayi Chikafa sanafotokoze bwino. Padambo paja tsopano pali mlatho, ndipo magalimoto anu amadutsapo ngakhale mu chiperoni osapepesa aliyense. Ine ndikamadutsapo ndimawasowa anthu aja koopsa.

Mawu a Elube anali ndi miyendo itatu, ngati mafuwa: mvula, matope, mkazi. Koma mnzanga anali ndi mwayi mpaka pomaliza. Anatsogola kumanda ndi iye, Elube atamugwira dzanja, choncho mkazi sanamulirepo ngakhale tsiku limodzi. Mwendo wachitatu uja unasowa ntchito, anthu anauiwala, ndipo inatsala iwiri imene mnzanuyu waitchula akuyang'ana nsapato zake zatsopanozo:

"Walira mvula, walira matope."